Kachitsulo ka Odell Stroud

Magazini ija inafika ku Bastrop Loweruka m'mawa, pa lole yomwe imabweretsa mkaka ndi buledi, ndipo dzuwa lisanatenthe Coy Tillery anali atagula kale zonse zisanu zimene sitolo ya pakona inalandira. Anakamupeza Vella Stroud pa malo ogulitsira mafuta, akuthira mafuta galimoto ya bambo ake, n'kungoyala imodzi pa boneti. Coy ameneyu ndi munthu woti pakamwa sipauma, koma tsiku limenelo mawu anamuthawa.

"Tsegula pakati," anatero.

Vella anapukuta manja pa jinzi n'kutsegula. Pakati pomwepo panali gulu lawo.

Muyenera kumvetsa, abale, kuti pofika chaka chimenecho cha 1996, gulu lawo lotchedwa Abulu a ku Bastrop linali litatha zaka zinayi likuimbira anthu obwera kudzamwa, osati kudzamvera. Nyimbo zawo zinalibe kwawo. Mawayilesi a nyimbo za kantire, zija za oweta ng'ombe, ankati n'zaphokoso, zafumbi, zosasamba. Mawayilesi a nyimbo za roko, zija za achinyamata a m'tauni, ankati zikununkha ng'ombe. Coy ndiye ankaimba patsogolo. Vella ankakhala chapambali, kuseri kwa gitala yogona, ija ya miyendo inayi ngati tebulo, yomwe umailiza poyendetsa kachitsulo pa nsambo uku mapazi ali pa mapedulo. Ukangodutsa mzinda wapafupi wa Austin, palibe ankawadziwa. Lero ndi awa, masamba anayi athunthu m'magazini ya ku New York, yogulitsidwa dziko lonse.

Coy anayamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere ngati mwana woyamba kumene sukulu.

"'Ngati mukufuna kudziwa kumene kantire inathawira itachoka pa wayilesi, pitani ku Texas mukafunse Abulu. Makampani ojambula nyimbo, omwe dzana ankawatsekera zitseko, lero akupondana pakhomo pawo.' Wamva, Vella? Akupondana pakhomo pathu. Kodi ifeyo khomo tili nalo?"

"Werenga pansipo."

"'Ndipo kuseri kwa mawu a Tillery kuli gitala yogona imene imalira ngati munthu amene wakumbuka kwawo.'"

Munthu wa ku New York, woti sanadyepo naye m'mbale imodzi, anamva chimene iye ankayesa kunena ndi zala zake kwa zaka zonsezi, n'kuchilemba papepala losalala kuti dziko lonse liwerenge. Anachita mantha okoma, ngati aja a munthu woima pansi pa mlatho sitima ikudutsa pamwamba.

Kenako anayang'ana chithunzi. Coy anadzaza tsamba lonse, malaya osamanga mabatani awiri, maso ali kutali. Anzawo awiri, woimba ng'oma ndi wa gitala ya besi, ankaoneka mwa chimbuuzi kumbuyo. Za Vella panali dzanja lamanzere lokha, litagwira kachitsulo, ndi tsitsi pang'ono m'mphepete mwa pepala. Pansi pa mutu wa nkhani panali dzina la wolemba, Bettina Kessler, mtolankhani amene anayenda nawo masiku atatu mu Febuluwale, ndipo masiku onse atatuwo ankakhala mpando wakutsogolo, pambali pa Coy.

"Dzanja langa latuluka bwino," anatero Vella.

"Zithunzi amadula ndi anthu ena, si Bettina."

"Oho, ndi Bettina tsopano. Mwezi watha anali Mayi Kessler."

Coy anaseka n'kumukokera pachifuwa pake, mafuta n'kuyamba kusefukira pansi, mwini malo n'kutukwana ali pawindo.

"Tenga ukawaonetse bambo ako," ananong'oneza Coy. "Tiwone ngati angandikanenso."

Pa Khirisimasi, Coy anali atavala tayi wobwereka n'kukapempha kwa Bambo Odell Stroud kuti akwatire mwana wawo. Mkuluyo anamuthirira khofi, anamuuza kuti ayi, kenako anamufunsa ngati amamwa ndi shuga.

*

Bambo Stroud anali m'galaja, akuphwasula makina otchetchera kapinga a abusa. Anapukuta manja, anavala magalasi, n'kuwerenga masamba onse anayi osadumpha liwu. Vella anaima potero, dzanja lili m'thumba, akusisita kachitsulo kake monga ankachitira mtima ukamugunda.

"Walemba bwino mtsikanayu," anatero mkuluyo. "Ali ndi makutu."

"Ndiye, ababa?"

"Ndiye tsopano ndikukana kawiri."

"Ababa, munati woimba alibe tsogolo. Tsogolo ndi limenelo mwagwiralo."

"Sindinanenepo zimenezo. Iwe ukuganiza kuti ndinamukana chifukwa cha umphawi? Umphawi tinakulira momwemo, amayi ako ndinawakwatira ndili ndi nsapato imodzi ya ku tchalitchi ndi kuntchito. Chimene ndimaopa ine ndi ichi chili papepalachi." Anagogoda chithunzi cha Coy ndi chala chakuda ndi girizi. "Khala pansi, ndikuuze mmene amachitira ku Nashville, kuchimake kwa makampani a zimbale."

Vella anakhala pa ndowa yovundikira.

"Kampani sisayina gulu. Imasayina woimba. Tsiku lojambula likafika, gulu limadikira pakhonde, ndipo chimbale amaliza ndi anthu a mu situdiyo, omwe salakwitsa, omwe amamaliza nyimbo zitatu nkhomaliro isanakwane. Ndi mwambo wawo, palibe amauona ngati nkhanza. Ine ndinali mmodzi wa anthu amenewo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinkafika teni koloko, ndinkapeza mnyamata atakhala pa bokosi la gitala yake pakhonde. Wayenda ndi woimbayo zaka zisanu, agona m'galimoto imodzi, agawana buledi mmodzi. Amakhala atamuuza kuti asadandaule, chimbale chachiwiri n'chake. Ine ndinkamudutsa n'kukakhala pa mpando wake."

"Munkamuuza chiyani?"

"Palibe. Sindinkamuyang'ana kumaso."

"Nanga woimbayo?"

"Woimba amalira tsiku loyamba. Lachiwiri amazolowera."

Pakona ya galajayo panali chinthu chovundikiridwa ndi nsalu ya pabedi, fumbi lili mbuu. Vella ankachidziwa. Inali gitala yogona ya bambo ake, imene sinalirepo chiyambire chaka chomwe Nashville inatopa ndi kulira kwa zitsulo, foni n'kusiya kuitana. Chaka chimenecho ndi pomwe anabwerera kwawo ku Bastrop, ndipo pa tsiku limene Vella anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mkuluyo anamuika kachitsulo kake m'manja n'kunena kuti, "Ine ndathana nako." Kanali kolemera, kosalala, kodyeka mbali imodzi pamene chala chawo chinkakhala. Vella ankayenda nako paliponse, ngakhale ku tchalitchi.

"Coy sali choncho, ababa."

"Onse sakhala choncho, mwanawe, mpaka Lolemba m'mawa."

Vella anatola magazini yake n'kutuluka, mtima uli wawawa. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti galu wamkota sakandira pachabe, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

*

Lamulungu masana aliwonse Abulu ankaimba mu holo yakale ya dansi, ya matabwa ndi malata, kunja kwa tauni. Pa tsiku labwino kunkabwera anthu makumi anayi, theka lawo agogo ovina pang'onopang'ono. Koma Lamulungu limenelo, atangokhota msewu wa fumbi, Hoyt woimba ng'oma anatulutsa mutu pawindo n'kuona magalimoto atandanda mpaka ku mlatho.

"Kodi kwafa ndani?" anafunsa.

Kunali magalimoto a ku Houston, a ku Dallas, ena a ku Oklahoma. M'katimo munalibe poponda. Munali ophunzira a ku yunivesite a ndolo pamphuno ataima phewa ndi phewa ndi alimi a ng'ombe, ena atanyamula magazini ija m'manja ngati buku la nyimbo. Mayi wogulitsa nyama yootcha pakhomo anali atamaliza kale zonse, akungopepesa.

Vella anakhala pa mpando wake. Coy anamuyang'ana n'kutsinzinira diso.

Nyimbo zitatu zoyamba zinadutsa ngati mphepo. Yachinayi inali ya phee, imene Coy analemba za amalume ake omwe anagulitsa munda n'kumakaima pa mpanda m'mawa uliwonse kuyang'ana chimanga cha eni. Pakati pake pali malo pamene Coy amaleka kuimba n'kumusiyira Vella. Iye anatseka maso, anaika kachitsulo pa nsambo, n'kuponda pedulo pang'onopang'ono. Liwu linakwera, linapendekeka, n'kutsika ngati munthu amene wafuna kuitana dzina koma wadziletsa.

Holo yonse inangoti zii. Anthu mazana anayi, ndithu, koma unkamva malata akuthetheka ndi dzuwa. Wogulitsa mowa anaima ndi botolo m'manja osalitsegula. Mlimi wina wamkulu thupi anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Vella atatsegula maso anaona nkhope zonse zija zili kwa iye, osati kwa Coy, ndipo anamva kuchepa ndi kukula nthawi imodzi. Sanadziwe kuti zala zake zingachite zoterezi kwa anthu. Pamene manja anayamba kuwomba, matabwa a pansi ananjenjemera mpaka m'mafupa ake.

Popumira, akupukuta nsambo, anamva fungo la mafuta onunkhira asanaone mwini wake.

"Achemwali, mwatiliza," anatero Bettina Kessler. Anali wamtali, wa tsitsi lalifupi lakuda, atavala zakuda zokhazokha pa kutentha konseko osatuluka thukuta. "Koma ndili nanu chifukwa. Masiku atatu ndinayenda nanu, osandiuza kuti ndinu mwana wa Odell Stroud? Ndamva dzulo kwa munthu wa ku Nashville. Akuti theka la zimbale zimene makolo athu ankavina, gitala yogona inali ya bambo anu."

"Simunandifunse. Munali otanganidwa kutsogolo."

Bettina anamwetulira ngati sanamve. "Akadali moyo? Amalizabe?"

"Amakonza makina a kapinga."

"Zoona?" Maso a mayiyo anawala ngati a munthu amene watola chinthu panjira. "Koma imeneyo ndiye nkhani. Ndikuuzeni zoona, achemwali, nyimbo zanuzi atolankhani timazikonda kufa, koma wayilesi siziimba, ndipo chimbale chosamveka pa wayilesi chimangokhala pa shelefu. Magulu ngati lanuli ndalembapo ambiri. Onse anatamandidwa, onse akuyendabe pa galimoto yakutha. Chimene chimagulitsa ndi nkhope imodzi ndi nkhani imodzi. Nkhope ilipo kale."

Onse awiri anayang'ana kumene kunali nkhopeyo. Coy anali pakona ndi bambo wina wa chipewa choyera ndi nsapato zoti sizinapondepo ndowe. Ameneyo anali Bambo Faircloth, a kampani ina yaikulu ya ku Nashville, ndipo anali atamugwira Coy paphewa ngati mwana wawo.

Dansi itatha, anthu akubalalika dzuwa likadalipo, Coy anamukokera Vella kuseri kwa holo. M'manja mwake munali envulopu.

"Akundifuna ku Nashville mawa. Akufuna tikakambirane za chimbale, Vella. Chimbale chenicheni."

"Matikiti ndi angati?"

Coy anayang'ana envulopuyo ngati angachuluke. "Imodzi. Koma n'kukambirana chabe."

"Mayi Kessler akwera ndege iti?"

"Yomweyo, koma nanga ndine ndinapanga ndege? Tamvera." Anamugwira manja onse awiri. "Ndikudziwa zimene bambo ako amaganiza za ine. Ndikupita kukakonza zoti asadzandikanenso. Ndikabwerako ndidzalowa pakhomo panu ndi mutu wowongoka."

Vella anamukhulupirira. Ankamukonda munthu ameneyu kuyambira tsiku limene anamuona akuimbira agalu awiri ndi wosesa m'bala yopanda anthu, ndi mtima wonse ngati kuti kuli khamu.

*

Foni ya kwa a Stroud inali kukhitchini, ndi makina ake osunga mauthenga. Vella, ndi kudzikuza kwa munthu wosiyidwa, anaganiza zosayankha yekha, kuti Coy asaganize kuti wakhala pambali pa foni. Koma pambali pa foni ndi pomwe anakhala.

Lolemba makinawo analankhula motere: "Vella, uli pomwepo? Mayo, ukanaona. Khoma lonse zimbale za golide, kuyambira pansi mpaka kudenga. Anditengera mu situdiyo, ndinaimba mzere umodzi, atandibwezera mawu anga kuti ndiwamve ndinadzifunsa kuti kodi akuimbayu ndani. Akuti m'chipinda chomwechi bambo ako anakhalamo zaka. Pali mkulu wina wosesa akuwakumbuka mpaka mbali imene ankaika khofi. Ndavula chipewa, Vella. Ndimayenda monyang'ama ngati m'tchalitchi."

Vella anaumvera uthengawo kanayi.

Lachiwiri mawu anali otopa. "Zavuta pang'ono kuno. Akuti ali ndi kachitidwe kawo, ali ndi anthu awo. Koma ndikulimbana nawo, usade nkhawa." Kumbuyo kunamveka mafoloko ndi mbale, kenako kuseka kwa mkazi, n'kudula.

Bambo Stroud anali pa sinki nthawi imeneyo. Anatsuka kapu yawo, anaipukuta, anaipachika, n'kutuluka.

Koma Vella, abale, sanamve za kachitidwe, sanamve za anthu awo. Anamva kusekako basi. Tsiku lonse anayenda nako m'mutu: akudya chiyani awiriwa, wakhala mbali iti, malaya aja wamanga mabatani angati. Nsanje ndi choncho, imakuonetsa mbava pawindo pamene moto wayaka kukhitchini.

Lachitatu Coy anali wosangalala mpaka kupuma movutikira. "Ndaipeza njira. Bettina wandithandiza, ndidzakufotokozera. Ndikufika mawa m'mawa, ndipo ndikubwera ndi mphatso ya nyumba yonse. Undidikire, wokondedwa."

"Bettina wandithandiza," anabwereza Vella kukhitchini kopanda munthu, n'kudina batani lofufuta ndi mphamvu zoposa zofunika.

*

Lachinayi m'mawa anapita kukagula mazira kuti asamangoyang'ana msewu. Pobwerera, atazimitsa injini pabwalo, anamva chinthu chimene chinamuumitsa pa mpando.

M'galaja munkalira gitala yogona.

Anatsika osatseka chitseko, mazira ali m'manja. Nsalu ya pabedi ija inali pansi. Bambo ake anali atakhala kuseri kwa gitala yawo, atavala malaya oyera a ku tchalitchi, msana uli chilili, maso ali tsinzi. Poti kachitsulo analibe, anali atagwira chitsulo chobulungira cha sipanala, chomwe ankamasulira manati dzulo lomweli.

Ndipo ankaliza nyimbo ya Coy, ija ya munda wa amalume. Anali asanapiteko ku dansi ngakhale kamodzi. Anaiphunzira pongomva mwana wawo akuyeserera kuchipinda. Koma mmene ankailizira, Vella anali asanamvepo. Pamene iye ankadutsa ndi liwu limodzi, mkuluyo ankatsegula mawu atatu, lina likukwera, lina likutsika, lachitatu litaima pakati likunjenjemera. Mapazi okalamba aja ankayenda pa mapedulo mofewa ngati akuponda pogona mwana. Munali munda m'kulirako, munali mpanda, munali amayi ake Vella omwe anamwalira kalekale, munali zaka khumi ndi chimodzi za foni yosaitana.

Vella anaima pakhomo misozi ili mbwembwembwe. Anazindikira kuti zonse zimene magazini inatamanda, zonse zimene zinatontholetsa anthu mazana anayi, zinali nyenyeswa zogwa pa tebulo la munthu uyu. Sanamve nsanje. Anamva ulemu waukulu, woti akanatha kugwada pa simenti pomwepo.

Liwu lomaliza linazirala pang'onopang'ono. Mkuluyo anatsegula maso, ndipo atamuona anachita ngati wagwidwa akuba.

"Ababa," anatero Vella, "sindinkadziwa."

"Foni inaitana utangochoka."

"Anali Coy?"

"Anali Faircloth. Akundifuna ku Nashville Lolemba, teni koloko."

Mtima wa Vella unadumpha ndi chimwemwe, ndipo anatsala pang'ono kuwakumbatira. Kenako chimwemwecho chinaima panjira.

"Chimbale cha ndani?"

Bambo Stroud anayang'ana nsambo.

Nthawi yomweyo galimoto ya Coy inalowa pabwalo ikuliza hutala. Anatsika ali ndi chipewa chatsopano choyera, nkhope ikuwala, n'kuthamangira kugalaja. Ataona gitala yovundukulidwa anaomba m'manja.

"Akuimbirani kale? Ndinawauza adikire ndifike! Vella, wamva? Mphatso ija ndi imeneyi."

"Fotokoza," anatero Vella.

"Anakana gulu lonse. Hoyt, wa besi, iweyo, onse. Ndinamenya nkhondo masiku awiri, Mulungu ndi mboni, mpaka ndinaimirira kuti ndizipita. Akuti ndi kachitidwe kawo, munthu wosazolowera situdiyo amawatayitsa nthawi. Ndiye ndinati, chabwino, koma mpando wa gitala yogona sutuluka m'banja la a Stroud. Anayamba kukanakana, akuti mkuluyo anthu anamuiwala. Apo ndi pomwe Bettina anawauza kuti akalola, iye alemba nkhani ya pachikuto cha magazini: katswiri woiwalika, wochokera kokonza makina a kapinga, kubwerera mu situdiyo yake yakale. Faircloth anangoti bweretsani cholembera." Coy anatembenukira kwa mkuluyo n'kuvula chipewa. "Bambo, dzina lanu likadali m'makoma a nyumba ija. Ndinafuna kuti mukalione ndi maso anu."

"Wasayina?" anafunsa Vella.

"Dzulo masana. Koma iwe usadandaule, paulendo wonse wokatsatsa chimbale uli pambali panga ngati kale. Ndipo alonjeza, Vella, chimbale chachiwiri n'chako."

Vella anayang'ana bambo ake. Mkuluyo anali atatseka maso ngati munthu amene wamva nyimbo ya maliro imene anaiimbapo yekha kambirimbiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mnyamatayo sankanama, ndipo sanachite zimenezi chifukwa cha Bettina kapena chipewa choyera. Anachita chifukwa cha chikondi. Anakhala masiku atatu m'nyumba ya zimbale za golide akuganiza mmene angapezere mkazi wake, ndipo njira imene anapeza inali yomuchotsa pa mpando n'kuupereka kwa apongozi. Vella ankaona zonsezo pankhope yake yowalayo, n'chifukwa chake anasowa pomugwira kuti amukalipire.

"Ababa," anatero motsitsa, "munawayankha chiyani?"

"Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, mwanawe. Ndikulumbira pa manda a amayi ako, ndinatsegula kuti ndikane." Anasisita nsambo ndi chala. "Chimene chinatuluka n'chakuti, 'Teni koloko ndidzakhala nditafika.' Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikudziuza kuti foni imeneyo sindikuidikira. Ndinkanama."

Anakhosomola, n'kulankhula kwa Coy osadzutsa mutu. "Inu a Tillery, za pa Khirisimasi zija. Ndilibenso nkhope yokanira munthu. Ngati mwiniwake akufuna, mutengeni."

Coy anatulutsa mpweya ngati wotula katundu. Sanaone kanthu, mwana wa eni. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kabokosi kofiira, n'kugwada bondo limodzi pa simenti ya mafuta, buluku latsopano osalisamala. Mphete inali yaing'ono, yokongola, ndipo inali ndendende imene Vella anailozapo pawindo la sitolo ku Austin zaka ziwiri zapitazo, akuganiza kuti Coy sakuona.

"Marvella Stroud," anatero, akumuitana dzina lake lonse, "bambo ako alola."

Vella anali atadikira mawu amenewa chiyambire Khirisimasi. Anaika mazira pa benchi mosamala kwambiri, ngati kuti ndiwo anali nkhani. Dzanja lake lamanzere, lomwe Coy ankalidikira, linali litalowa lokha m'thumba, litafumbata kachitsulo mpaka kutentha.

Asanayankhe, bambo ake anasuntha pa mpando. Anaika chitsulo cha sipanala chija pambali, n'kutambasula dzanja lawo pang'onopang'ono pamwamba pa gitala, chikhatho chili m'mwamba.

"Ichi chikukanda nsambo," anatero ndi mawu otsika. "Sindingalowe nacho mu situdiyo. Kachitsulo kaja uli nako pomwepo?"

Vella anawayang'ana, kudikira kuti adzutse mutu. Bambo ake sanamuyang'ane kumaso.